Mustang Yofiira Imene Sinafike ku Kabwata

Amuna anga, a Meshack Nkhoma, ankadzuka kusanayere, mabasi oyamba asanayambe kuitana anthu pa Burma Road. Ankapemphera ataimirira, chifukwa maondo awo anali atatha ndi simenti ya m'magalaji. Akamaliza ankayala chitenje changa chakale patebulo n'kuwerenga masipanala awo limodzilimodzi. Anali masipanala a mainchi, osati a mamilimita amene makanika aliyense ali nawo. Anawatola kwa zaka zambiri m'milu ya zitsulo zadzimbiri pamsika wa Soweto ndi ku Kamwala. Ine ndinkawathirira tiyi m'fulasiki, iwo n'kukulunga masipanalawo, ulendo wa ku Kabulonga.

Anabwera mu Lusaka kuchokera kwathu ku Katete ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sabata yoyamba anaona galimoto yaitali mphuno ikudutsa pa Cairo Road, ikubangula. Atasuzumira kumene kumakhala woyendetsa sanaone munthu, ndipo anathawira m'sitolo poganiza kuti galimotoyo ikudziyendetsa yokha. Mmwenye wa m'sitolomo ndi amene anawauza kuti ndi ya ku Amereka, chiwongolero chake chili kumanzere. Nkhaniyi ankaifotokoza pa ukwati uliwonse ndi pa maliro alionse, ndipo ankayamba kuseka okha asanafike pothera.

Kuyambira tsiku limenelo mtima wawo unapita. Anaphunzira umakanika, nakonza mataxi ndi maminibasi zaka makumi atatu kuti tidye, koma pansi pa bedi lathu panali magazini akale a galimoto za ku Amereka, odyedwa ndi mphemvu m'mbali.

"Amake Imelda," ankatero, "ma motoka ya masiku yano yanong'oneza monga yaba chintu. Koma ija ikalila, uimvela mu chifuba."

Mu 2015 anaitanidwa ndi ba Amock, munthu wa malole ambiri wa ku Kabulonga. Anali atagula Mustang ya 1967 pa famu ina ku Lilayi. Nkhuku zinkaikira mazira pampando wakumbuyo, ndipo udzu unali utamera kuboola pansi. Amakanika atatu anali ataikana. A Nkhoma anaizungulira kamodzi, nagwira kahachi kachitsulo kapamphuno pake, nati, "Izauka."

Inatenga zaka zisanu ndi ziwiri. Zipangizo zina zinkachokera kunja, kudikira miyezi; zina ankasula okha. Utoto wofiira anausakaniza kasanu asanakhutire. Lamlungu lina, titatuluka Misa yoyamba, ananditengera ku Woodlands kumene eni galimoto zakale amakumana pabwalo loimikapo magalimoto. Ndinaona azibambo aimvi, ena madokotala, ena maloya, atatsegula maboneti n'kumasuzumira m'mainjini ngati azimayi odzaona khanda. Sankafunsana kuti imathamanga bwanji. Ankafunsana kuti chitsulo ichi n'chake chenicheni kodi, waya uyu sanadulidwepo kodi. Wina anandiuza kuti bambo ake ankalota galimoto yotere koma anamwalira akuyenda pa njinga. Pamene a Nkhoma analiza Mustang ija, onse anasiya galimoto zawo n'kuizungulira. Ba Amock anaima pafupi ndi chitseko kulandira manja. Amuna anga anaima kumbuyo ndi kansanza. Sanadandaule. Nkhope yawo inkawala.

Ba Amock ankaopa akuba, choncho anauza a Nkhoma kuti aike kaswichi kobisika koletsa injini kulira. Anakaika. Koma ba Amock sanafunsepo kuti kali pati, chifukwa galimotoyo sankailiza okha. Ankangotuma uthenga, n'kuipeza ili kale pakhomo, yopukutidwa, injini itatentha.

M'zaka zonsezo a Nkhoma anapempha chinthu chimodzi. Mwana wathu ndi mmodzi yekha, Imelda, ndipo ukwati wake unali mu Ogasiti 2022. Kutatsala mwezi anavula chipewa, nati, "Ba boss, mwana wanga akwatiliwa. Ningabwelekeko motoka? Nimupeleke chabe ku chechi."

"Tizaona, mdala, tizaona," anatero ba Amock.

Kwathu ku Katete munthu wamkulu akati tidzaona ndiye kuti wavomera, kungoti safuna kuoneka wofewa. Mu Lusaka mawu omwewo ndi kukana kovala jekete. Ine ndinkadziwa zimenezi, pakuti ndagulitsa zitenje mumsika zaka zambiri. Ndinawauza. Iwo anandiseka.

"Iwe, sanakane. Muntu wamene nagwilila nchito zaka seveni angakane?"

Anauza abale onse. Anauza a kwaya. Anagula maliboni oyera ku Kamwala. Anayenda wapansi msewu wonse wochoka pakhomo pathu kukafika kutchalitchi, kuwerenga maenje, ndipo awiri akuluakulu anawakwirira okha ndi zidutswa za njerwa. Lachisanu anaitsuka galimoto ija mpaka pansi pake. Madzulo ake, tisanadye, analembera ba Amock uthenga pafoni wowakumbutsa. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, kusonyeza kuti awerenga. Yankho silinabwere.

Loweruka anadzuka nthawi yawo yomwe ija, navala suti, nakwera basi kupita ku Kabulonga, maliboni ali m'thumba. Mlonda anawauza kuti bwana atuluka ndi galimotoyo. Usiku wapitawo ba Amock anali atauza mnyamata wa m'dimba kuti asaitseke m'galaja, ndipo popeza a Nkhoma anaisiya yokonzekera ukwati, kaswichi kali kotsegula, inalira mosavuta. Kunali alendo a ku Joni ofuna kuiona. "Bakamba ati bazabwela manje manje," anatero mlondayo. A Nkhoma anakhala pamwala kunja kwa geti.

Kunyumba kwathu ku Kabwata, Imelda anali atavala kale. Anthu anadzaza mumsewu kudikira galimoto yofiira imene anamva mbiri yake mwezi wathunthu. Ndinaimba foni kasanu. "Lindilani pang'ono, ibwela," ankatero. Nthawi ya Misa itakwana, wansembe anatuma mawu kuti pali ukwati wina pambuyo pathu. Mwana wanga anakwera taxi ya aneba, yosweka galasi lakumbuyo, ndipo amene anamugwira dzanja kulowa naye m'tchalitchi anali amalume ake. Bambo ake anafika mphete zitavalidwa kale, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anakhala pabenchi lakumbuyo. Pa madyerero wina woledzera anafuula kuti, "Ba Nkhoma, Mustang ili kuti? Yapita yeka ku Amelika?" Anthu anaseka. Tsiku limenelo sanafotokoze nkhani yawo ya pa Cairo Road, ndipo sanadzaifotokozenso.

Lolemba anadzuka, napemphera, nawerenga masipanala, napita ku Kabulonga monga mwa masiku onse. Anachotsa fumbi la Loweruka m'matayala a Mustang ija. Anailowetsa m'galaja, natseka kaswichi kaja, napereka makiyi kwa mlonda. Sanaphwanye kanthu, sanatenge kanthu. Anabwerera kunyumba dzuwa lili pamutu.

Lachinayi foni inalira tili pakhonde.

"Mdala, motoka yakana kulila. Bwela uione."

"Tizaona, ba boss," anatero amuna anga, n'kudula.

Ndine mkazi wopemphera, koma ndivomereze: ndinalowa m'nyumba n'kukaseka ndi chitenje kukamwa.

Ba Amock anaitana anyamata a masiku ano, a makompyuta. Anafunafuna pobayira waya wa kompyuta yawo, osadziwa kuti galimotoyo ndi yaikulu kuposa makolo awo. Masipanala awo a mamilimita ankangoterereka pa mabawuti. Wina anati adule mawaya n'kulumikiza mwatsopano, ba Amock n'kumuthamangitsa, poti kwa anzawo a ku Woodlands waya wodulidwa ndi manyazi. Amakanika akale amene akanakapeza kaswichiko anali anzawo a amuna anga, ndipo ambiri anali pa ukwati uja. A Omali a ku Kamwala, katswiri wa zamagetsi a galimoto, ataitanidwa ndi ba Amock anamvetsera bwinobwino, nasisita ndevu, nati, "Tizaona, Mulungu akalola."

A Nkhoma anabwerera ku maminibasi. Ba Amock anaimbanso kangapo. Ulendo wina analonjeza kuwonjezera malipiro, ulendo wina anaopseza ndi apolisi. Kupepesa ayi. Yankho linali lomwe lija. Koma kubwezera kumeneku kunkawadya amuna anga. Galimotoyo ankaikonda. Mvula ikagwa ankati, "Denga ya galaji ija idonta kumbali ya boneti."

Patapita zaka ziwiri anagwa ndi BP pansi pa minibasi ina ku Libala. M'chipatala, kutatsala tsiku limodzi kuti atisiye, anandikoka dzanja n'kundiuza pamene pali kaswichiko. Anati, "Muntu umozi afunika aziba. Motoka ilibe mulandu." Sanandiuze kuti ndiulule, sanandiuzenso kuti ndibise. Ba Amock pa maliro sanabwere. Anatumiza nkhata ya maluwa, dzina la malemu litalembedwa molakwika.

Mlonda wa ba Amock amapemphera nafe, ndiye ndimamva zonse. Matayala anaphwa. Makoswe alowa mumpando umene a Nkhoma anasoketsa kawiri. Lamlungu ba Amock amapitabe ku Woodlands pa galimoto wamba, anzawo n'kumawafunsa kuti hachi yofiira idzadzuka liti. Ndikamva zimenezi ndimadya bwino. Wansembe wathu ndinamuuza mu kulapa. Anati ndikhululuke. Ndinati ndamva. Pa pemphero la Ambuye, tikafika pa mawu okhululukira otilakwira, pakamwa panga pamayenda koma mawu satuluka.

Mwezi watha galimoto yaikulu yoyera inaima pakhomo panga. Anatsika ba Amock, atanyamula shuga, mafuta ophikira ndi nkhuku. Ndinawapatsa mpando wa amuna anga.

"Ba mayo, muli shani? Pepani maningi pa malilo, nenze ku Dubai."

"Zikomo."

"Ba mudala benze bantu babwino. Luso monga ija kulibe mu Zambia." Anayang'ana chithunzi cha ukwati wa Imelda pakhoma, n'kuchotsako maso msanga. "Manje kuli show ikulu mwezi wa mawa. Kapena banakuuzaniko kantu pali motoka ija? Olo kapepala chabe?"

"Anandiuza," ndinatero.

Anakhala tsonga. "Ah, Mulungu ni wabwino! Kambani chamene mufuna, ba mayo. Chilichonse."

Ndinalowa kuchipinda n'kutenga foni ya amuna anga. Ndimaitchaja m'mawa uliwonse ndikatha kupemphera, patebulo pomwe ankayala masipanala. Ndinatsegula uthenga uja n'kuwapatsira. Anawerenga, nakanda pakhosi.

"Ah, ba mayo, ivi vinapita kudala. Siku ija nenze na balendo."

"Sanayankhidwe," ndinatero. "Yankhani."

"Manje nizayankha bwanji muntu anafa?"

"Imeneyo ndi ntchito yanu. Akakuyankhani iwo, ine ndidzakuuzani pamene pali kaswichi."

Anaseka pang'ono, poyesa nthabwala. Ataona nkhope yanga analeka. Anaimirira, nafika pachitseko, natembenuka.

"So nibwele liti?"

"Tizaona," ndinatero.

Nkhuku ndinapereka kwa aneba a taxi aja. Foni ndinaibwezera pamalo pake. Uthengawo ukadali pomwepo, pansi pake timizere tiwiri tabuluu, ndipo kunsi kwake kulibe kanthu:

"Ba boss mwachoma bwanji. Nikumbusako chabe va ukwati wa mailo. Napapata, ma ola yabili chabe, kuchoka pa nyumba kufika ku chechi. Maenje ya mu njila nakwilila kudala. Nizayendesa pang'ono pang'ono. Mwana wanga ni umozi chabe. Nibwele ntawi bwanji?"