Madala ndi Moto Wawo

Makaniki wamkulu wa pa esiteti pano ali ndi mankhwala amodzi a matenda onse: moto. Bawuti ikakakamira, iwo amangoyatsa gasi n'kunena kuti, "Chitsulo ndi mwana wamwano, chimamva chikatenthedwa." Zitsulo zakhala zikuwamveradi, ndipo a ku ofesi amawatcha katswiri.

Tsiku lina thirakitala yodzaza masamba a tiyi inafera panjira yopita ku fakitale, bawuti itakakamira m'pampu ya aluminiyamu. Makaniki aja anafika n'kuyatsa gasi. Dalaivala wa thirakitalayo, Rodwell, anachonderera kuti, "Madala, fulumirani, masambawa apsa ndi dzuwa. Koma motowo wachulukatu."

"Iwe, khala chete. Ndikudikira ifiire kaye."

Tsoka lake aluminiyamu safiira ngati chitsulo, amangofooka mwakachetechete. Bawuti inatulukadi, madala n'kuikweza m'mwamba ngati chikho cha mpira. Koma pomanganso, bowo linali litafewa, bawuti n'kumangozungulira osagwira.

Masamba onse anapsa m'ngolo. Komiti ya ku ofesi inakhala pansi, inamwa tiyi, n'kupeza kuti wolakwa ndi dzuwa. Kenako inawagulira madala botolo lina la gasi, lalikulupo.