Madzi a Mvula Anali a Nsomba

Ndikugwira ntchito pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndinkaweta nsomba m'bokosi lagalasi lomwe ndinagula ku Limbe. Tinali tinsomba tamawangamawanga, tongosangalatsa maso basi, moti anzanga ankandiseka kuti ndikuweta ndiwo zosadyeka.

Madzi apampopi ankasiya zoyera ngati laimu pagalasi, ndiye ndinkatunga pachitsime chathu, kumunsi kwa munda wa tiyi. Koma akangothira feteleza m'tiyimo mvula n'kugwa, madzi a m'bokosi ankabiriwira ndi ndere, tinsomba n'kumayandama chagada.

Ndinayamba kutchera madzi a mvula mumgolo. Mvula yoyamba ndinkaisiya itsuke fumbi ndi mwaye pamalata. Yotsatirayo ndi imene ndinkasunga, n'kumasakaniza ndi apampopi pang'ono. Mgolowo ndinkauvundikira, mwana asayerekeze kutungamo. Tinsomba totsala tinachira mpaka kuswana, ndipo madzulo banja lonse tinkakhala pamkeka n'kumationerera ngati kanema. Masiku amenewo ndimawasowa.

Tsiku lina mayi akunyumba, akutula ndowa yochokera kuchitsime kuja, anandifunsa mofatsa: "Abambo, madzi ankapha nsomba zanu aja, si omwewa tikumwetsa anawa?"