Tsiku Limene Ndinaotcha Zinyalala ku Dublin

Tenti ilibe chitseko, choncho wapolisi anagogoda ndi nsapato. Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa April, chaka changa choyamba ku Dublin.

Tinalipo amuna ambiri ochokera kunja opempha chitetezo ngati othawa kwawo, ndipo tinkagona m'matenti m'mbali mwa ngalande chifukwa nyumba zinali zitasowa mumzindamo. Chimbudzi panalibe. Anthu ankadzithandiza m'majumbo n'kuponya kuseri kwa mitengo. Ine uve sindigwirizana nawo. M'mawa umenewo ndinasesa, n'kuunjika zinyalala, n'kuziyatsa monga timachitira kwathu ku Ndirande, kenako ndinalowa kukapuma.

"Wayatsa moto uwu ndani?" anafunsa wapolisi.

"Ndine, bwana," ndinayankha monyadira. Ndinkaganiza kuti andithokoza.

Anandimanga unyolo. Mnzanga wa tenti yoyandikana, bambo wa ku El Salvador, analonjeza kuti andiyang'anira malo. Iyeyu ankakonda kunena kuti kwawo, kalekale, mzinda ukamakula akuluakulu ankathamangitsa amphawi ponamizira matenda. Ine mtima unali pa tenti, nyumba yokhayo imene ndinali nayo.

Kupolisi anandivula lamba ndi zingwe za nsapato. M'chitokosi munali masanzi a munthu wina, atauma kale pakhoma, ndipo bulangeti linkanunkha mkodzo. Ndinakhalitsa chiimire.

Pondifunsa mafunso anaimbira foni womasulira, mayi wakwathu.

"Achimwene," anatero mayiyo, "kunotu ma rubbish saotcha. Akuti mwaika public health pa risk. Ingonenani sorry, mutuluke."

Ndinapepesa. Wapolisi wovala magolovesi anandipatsa cholembera kuti ndisaine. Nditamaliza anachinyamula ndi zala ziwiri n'kuchiponya m'bini.

"Anthu inu mwatinyansitsira mzinda," anatero. Mayi uja sanafune kumasulira mawu amenewo, koma ndinawamva ndekha.

Ananditulutsa Lachitatu masana, popanda mlandu. Ndinabwerera kungalande wapansi. Matenti onse kunalibe, ndi mnzanga uja yemwe. Pansi anali atatsukapo ndi mankhwala onunkha ngati kuchipatala, n'kuzunguliza mipanda yachitsulo. Munthu amene ankakulunga paipi ya madzi anandiuza kuti katundu yense anakamutaya, poti anali wauve.

Ndinali mfulu, ndipo ufulu sindiupeputsa mpaka lero. Koma mvula itayamba, ndili chilili pampandapo, ndinayamba kukumbukira kuti chitokosi chija chinali ndi denga. Pa zonse zimene ndinaona masiku amenewo, palibe chinandinyansa kuposa maganizo amenewo.