Zala Ziwiri za Apongozi

Buludoza imene ndinkayendetsa zaka zimenezo inali yokalamba kuposa ine. Utsi inali nawo wambiri, mphamvu pang'ono, ndipo ukaiuza kuti iime inkayamba yaganiza kaye. Mwini esiteti analola kuti ndikakumbe nayo damu lothirira nazale za fodya kumudzi kwa mkazi wanga, cha ku Wimbe. Ndinali mkamwini watsopano pamudzipo, ndipo ndinkafuna andione. Tsiku lachitatu ndinakhota mwamatama pambali pa chulu, azimayi a pamudzipo akuonerera. Tcheni cha kumanzere, chija buludoza imayendera m'malo mwa matayala, chinaguluka n'kugona m'fumbi.

Kubwezera tcheni sikufuna nzeru zambiri, kumafuna thukuta. Umamasula kanati kuti girizi atuluke, gudumu lakutsogolo libwerere m'mbuyo. Kenako umakanikiza chikhasu cha kutsogolo pansi mpaka mbali imodzi itanyamuka, n'kulowetsa zipika. Chotsala n'chakuti wina akhale pampando azizunguza pang'onopang'ono gudumu la mano lakumbuyo, wina akhale pansi ndi chitsulo chachitali azikankhira tcheni pa manowo.

Amuna ambiri anaima patali, manja kumbuyo, malangizo okhaokha. Amene anavula jekete n'kutola chitsulo anali apongozi anga aamuna.

"Akamwini, kwerani. Inetu ndagwira," anatero.

Ndikanakana pomwepo. Koma apongozi umawakana bwanji anthu akuona? Kwathu mkamwini sawayang'ana apongozi m'maso, sawakwezera mawu, akafuna kunena kanthu amayamba ndi pepani. Ndinakwera.

Manja awo ankadziwika mudzi wonse. Nthawi yosoka fodya palibe ankawapitirira, ndipo posankha ankangosisita tsamba ndi zala, osaliyang'ana n'komwe, n'kudziwa mulu wake.

Kawiri tcheni chinakwera n'kutereranso. Kachitatu chinangotsala pang'ono, ndipo ndinaona apongozi akutaya chitsulo chija n'kugwira tcheni ndi dzanja kuti achiwongole. Ndinakoka chogwirira kuti gudumu liime, koma makina anga ndinkawadziwa: likanazungulirabe pang'ono lisanamvere. Nthawi yofuula inalipo. Akanakhala mnzanga wa ku esiteti ndikanakuwa kuti, "Iwe, chotsa dzanja!" mwinanso n'kuwonjezera chitukwano. Mawuwo anafika pakhosi, koma lilime linakana kuwatchula apongozi kuti iwe.

Chimene chinatuluka n'chakuti, "Bambo, pepani, kapena dzanjalo..." Injini inameza zonse.

Tcheni chinawapana apongozi dzanja pa mano a gudumu lija. Anangokhala pansi, atapanira dzanja m'khwapa. Tcheni chinali chitalowa bwinobwino pa mano onse, ndipo mpaka lero zimenezo zimandinyansa.

Tinawatengera ku chipatala cha pa Boma pa galimoto ya mphunzitsi wina. Anabwerako opanda zala ziwiri za kumanja, chamkombaphala ndi chapakati. Damu ndinamaliza sabata yomweyo, ndipo mpaka pano limasunga madzi kufikira mvula yoyamba. Anthu amati inali ngozi. Mkazi wanga amati inali ngozi. Palibe anamva zimene ndinanena pampando paja, choncho palibe akudziwa kuti ndinaona, komanso kuti ndinali ndi mpata wowachenjeza.

Fodya sanasokenso. Nyengo ikafika amakhala m'chigafa n'kumapatsira adzukulu masamba ndi dzanja lamanzere. Sanandidzudzulepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndikanakonda akanatero, mwina mtima ukanapepuka.

M'malo mwake, kukabwera alendo, amandiloza ndi zala zitatu zotsalazo.

"Akamwini awa ndi aulemu," amatero monyadira. "Chibwerere pamudzi pano sanandikwezerepo mawu."

Ine ndimayang'ana pansi, ndipo alendo amayesa ndi ulemu womwewo.