Tsiku limene Mayi Sellah anaopa kudzuka pampando

Mayi Sellah amasoka zovala pakhonde la sitolo ya a Shabir ku Area 1. Mayunifolomu a ana asukulu, zipi zoduka, madiresi a chinkhoswe, zonse zimadutsa pamakina awo opalasa ndi miyendo. Kale anali mayi wanthabwala, akaseka odutsa ankacheuka.

Kusamba kwa mwezi ndi mwezi anasiya kalekale, mdzukulu wawo woyamba asanabadwe. Ndiye tsiku lina masana, ali mkati mopinda siketi, anamva kunyowa pampando. Anasuzumira. Magazi.

Miyendo inaleka kupalasa. Mwini siketiyo atabwera, anangomuuza kuti, "Mubwere mawa." Sanadzuke. Anakhala pomwepo osadya, mpaka a Shabir anayamba kutseka zitseko. Apo ndi pomwe anadzikulunga zitenje ziwiri n'kunyamuka.

Sanauze munthu. Akulu awo kumudzi anayambanso chomwecho, anthu n'kumanong'ona kuti aponda mankhwala, ndipo anafota mpaka kumwalira osaonana ndi dokotala. Magaziwo akasiya, Mayi Sellah ankathokoza Mulungu. Akabweranso, chakudya sichinkalowa. Nthabwala zija zinatha.

Loweruka lina mwana wawo Tamara, yemwe amagwira ntchito mu ofesi ku City Centre, anawapeza akuchapa nsalu kuseri kwa bafa, madzi ali psuu.

"Amayi, zayamba liti zimenezi?"

"Iwe, sizoti mwana n'kufunsa."

"Ndafunsa kale. Zayamba liti?"

"Mvula isanagwe," anayankha. "Tamara, ndikupita momwe anapitira amayi ako aakulu."

"Iwo aja sanapite kuchipatala. Inu mupita Lolemba, ndi ine."

Kuchipatala anawatapa kachidutswa ka mkati mwa chiberekero kuti akakapime. Masiku odikira zotsatira anasoka manja a malaya a munthu motembenuza, chinthu chomwe sanachitepo.

Atabwererako, dokotala anawakhazika pansi. "Mayi, ndi khansa. Yayambira mkati mwa chiberekero. Momwe taonera, sinafalikire. Tikufuna tichotse chiberekerocho."

Mayi Sellah anagwira dzanja la Tamara mpaka zikhadabo kulowa.

"Adokotala, mukandigoneka ndidzadzuka?"

"Tidzayesetsa ndi mtima wonse. Mwachita bwino kubwera."

Powakankhira kuchipinda cha opaleshoni anayesa kupemphera, koma mawu onse anathawa. Ankangobwereza dzina la mwana wawo.

Anadzuka. Pamimba pankatentha ngati pali khala, Tamara akulira ndi kuseka pambali pa bedi.

Chilonda chitapola anabwerera pakhonde paja, ngakhale tsopano amapalasa pang'onopang'ono. Dokotala sananene kuti zatheratu. Anati azibwera kudzaunikidwa, ndipo amapita osadumphitsa. Koma tsiku lokaunikidwa likamayandikira, ulusi umakana kulowa m'singano, mpaka amapempha telala mnzawo, a Paxton, kuti awalowetsere.