Mayi Theka ndi nthochi ya tsiku losala kudya

Nkhaniyi anandiuza ndi wosoka nsapato wina, pamene ndinkadikira kuti andimatire chidendene. Ine miyendo yanga sidziwa kukhala pansi, ndipo nkhani za anthu ndimatola ngati nkhuni. Anati mayi amene ndikulembayu ankapemphera naye mpingo umodzi.

Mayiyu anabadwa woyamba m'banja losauka. Bambo ake atamwalira anasiya sukulu, nayamba kusenza dengu la zipatso la mayi ake. Asanatule dengu ankapemphera, ndipo chipatso choyamba ankachisungira wodwala. Atakula anakwatiwa ndi kalipentala, munthu wanthabwala, wokonda zotsekemera ngati nyerere.

Ana atakula, kalipentala uja anayamba kuonda, ludzu losatha. Kuchipatala anati ndi matenda a shuga. Mayiyo anachotsa shuga m'nyumba, koma m'malo mwake ankamuunjikira nthochi ndi mango, akumati, "Idyani bambo, zotsekemera za Mulungu sizipweteka." Amayi a mumpingo nawo ankabwera kudzazonda ndi mikoko ya nthochi. Posakhalitsa bamboyo anagonekedwa, chala chakuphazi chili ndi bala losapola.

Namwino atamva zimene ankadya anagwira pakamwa. Anawakhazika pansi n'kuwafotokozera kuti chipatso chilichonse chili ndi shuga wake. Nthochi yakupsa kwambiri, mango ndi chinanazi zili ndi wambiri. Gwafa ndi kagawo ka papaya n'zochepako, peyala lili ndi wochepa zedi, pamene madzi ofinya m'zipatso amathamangira m'magazi. "Sindikuletsa," anatero. "Koma pakamodzi asadye choposa chibakera chawo, ndipo nthochi ikakhala yaikulu muzidula pakati. Komanso samalani: akamwa mankhwala osadya, shuga amatha kutsika mpaka kupha."

Kuyambira pamenepo mpeni sunachoke pa nsalu ya mayiyo, ndipo dzina loti Mayi Theka linamera. Mwamuna wake ankadandaula, "Ndinakwatira wogulitsa zipatso, lero ndikudya ngati mpheta." Iye ankayankha, "Mpheta ili ndi miyendo yonse iwiri, bambo." Odzazonda ankawalandira pakhomo, n'kuthokoza mogwada, dengu n'kulipititsa kwa anansi. Ena anakhumudwa. Mlongo wake wa kalipentala ndiye ankafalitsa kuti mlamu wake akupha mchimwene wake ndi njala. Mayiyo ankangoti, "Chikondi china chimabwera ndi mpeni."

Tsiku lina mpingo unali ndi mapemphero osala kudya. Kalipentala anamwa mankhwala m'mawa, chakudya n'kubisa, osauza mkazi wake. Dzuwa lili paliwombo, nyimbo ili pakati, anakhala pansi mwadzidzidzi. Thukuta linali kamukamu, manja akunjenjemera, mawu osamveka. Anamutulutsira pakhonde.

"Shuga wakwera!" anakuwa mlongo wake. "Mupatseni mapiritsi ena!"

Mayi Theka anagwada. "Bambo, mwadya chiyani lero?" Bamboyo anapukusa mutu. Mayiyo anathamangira pamene anasiya dengu lake, natenga nthochi ya mawangamawanga, yofewa, imene sankailola ngakhale kuinunkhiza. Mlamu wake anamugwira dzanja.

"Alamu, mwapenga? Si inu mumati imeneyi ndi poizoni? Mukufuna mumumalizitse pamaso pa mpingo?"

"Ndisiyeni alamu."

"Akafa ndi inuyo!"

Chipatala chinali kutali, choyezera panalibe. Mayiyo anayamba wamwetsa mwamuna wake kadontho ka madzi kuti aone ngati akumeza. Anameza. "Ambuye, ngati ndalakwa mundilange ine," anatero mayiyo, nayamba kumudyetsa nthochiyo pang'onopang'ono, yonse, osadula. Anafinyiranso lalanje m'kapu. Mlamu anali atayamba kale kulira maliro.

Patapita kanthawi maso a bamboyo anayera. Anayang'ana khoko la nthochi nati, "Mayi, yathunthu? Kodi ndafika kumwamba?"

Kuchipatala anatsimikiza kuti shuga anali atatsika, ndipo mapiritsi ena akanamupha. Mlamu sanapepese ndi pakamwa, koma m'mawa mwake anabwera ndi magwafa.

Mayi Theka anakalamba akudulabe. Atadwala matenda ake omaliza, nkhawa yake inali imodzi. Anaitanitsa amayi a mumpingo ndi mlamu wake, nawaonetsa kadulidwe ali chigonere. "Bambowa musamawamvere chisoni akamakuseketsani," anatero. "Nthabwala zawo ndi za njala." Analandira mapemphero, nagona tulo mwamtendere mwamuna wake atamugwira dzanja. Kalipentala ali moyo, akuyenda ndi mapazi ake onse, ndipo mumpingomo wozonda wodwala amayamba wafunsa chimene adokotala alola.

Wosoka nsapato anamaliza ndi kunena kuti chimwalirireni mkazi wake, mkuluyo sanadyepo choposa theka, polemekeza malemuyo. Atamaliza kumata nsapato yanga ndinapita kukamuona kalipentalayo. Anandilandira bwino, ali yekha m'chipinda chonunkhira utuchi. Za mayiyo ndikukhulupirira zonse. Koma izi zomalizazi ndikukayika. Pamene ankaseka, m'mano mwake munali ulusi wa mango, ndipo m'nyumbamo munalibe womuletsa.