Kamakina ka M'khutu pa Mulu wa Msonkho

Ntchito yanga ndi yokuza mawu a anthu ena. Ngati pa ukwati, pa maliro kapena pa msonkhano wa mpingo kuno ku Tete munaonapo mkulu wa imvi atakhala kuseri kwa meza yodzaza timabatani, masipika ali uku ndi uku, mwina ndinali ine. Ndinayamba titangobwerako ku Malawi nkhondo itatha, ndili ndi sipika imodzi ndi batire la galimoto. Kuwerenga ndinaphunzirira kothawirako, ndevu zili kale pachibwano, choncho mapepala sindiwaopa koma sindiwakondanso. Chimene ndinakondera ntchitoyi ndi phokoso. Munthu amene mtima wake sukhala pansi amapumako nyimbo zikamagunda m'chifuwa.

Kwa nthawi yaitali ndinkalandira malipiro pamanja. Zinasintha makampani a malasha a ku Moatize atayamba kundiitana ku maphwando awo. Iwowo salipira munthu wopanda fatura, pepala lovomerezeka lopemphera malipiro, ndipo wolemba fatura amadziwika ku ofesi ya msonkho. Ndinakalembetsa. Mdzukulu wanga wamkazi, amene anaphunzira zowerengera chuma ndipo amagwira ntchito m'tauni, ndiye anandifotokozera kuti zimene ndagula chifukwa cha ntchito zikhoza kuchotsedwa asanandiwerengere msonkho, bola pakhale resibu yake, kapepala kosonyeza kuti ndinalipira.

Nthawi ya msonkho ikakwana amawoloka mlatho pa shapa, minibasi ya kuno, kubwera kwathu ku Matundo. Amayala mphasa pakhonde, n'kukhuthula jumbo yanga ya maresibu, n'kuyamba kupanga milu iwiri: wa ntchito ndi wa pakhomo. Mawaya, mafuta a jenereta, kukonzetsa sipika yong'ambika, galimoto yonyamula katundu, zonsezo zimapita ku ntchito popanda mawu. Zina timalimbana.

"Malaya awa, agogo?"

"Ndimavala ku maukwati."

"Ndi kutchalitchi, ndi kumsika, ndi kokandifunira mkazi mnzanga. Pakhomo."

Mdzukulu ndi mkazi wako wa nthabwala, sungamukalipire.

Makutu anga anayamba kutha pang'onopang'ono. Mawu aakulu ndinkawamva, koma ang'onoang'ono, osongoka, anachoka. Wokuza mawu aliyense amadziwa kulira kumene sipika imachita mikrofoni ikayandikira, kuja kobaya ngati singano. Pa ukwati wina m'dera la Josina Machel ndinaona ana atseka makutu ndi manja, amayi akutembenukira kwa ine, ine osamva kanthu. Ndinatsitsa batani mwamsanga, nkhope zawo n'kumasuka. Kuchokera pamenepo ndinayamba kugwira ntchito ndi maso. Ndinkaika meza yanga pamene ndingaone makanda ali kumsana, chifukwa khanda silinamizira. Likadzidzimuka, ndatsitsa. Mawu akuya ndinkawayesa poika dzanja pa bokosi la sipika. Ndipo ndikunena mosadzichepetsa kuti ndinkaigwira bwino ntchitoyo kuposa anyamata ambiri a makutu awiri.

Kenaka ndinagula kamakina kothandiza kumva, kokoleka kuseri kwa khutu. Kanadula kuposa sipika yabwino. Ndinkakavala pakhomo pokha. Ndikamapita ku ntchito ndinkakavula n'kukasiya pawindo, m'kambale. Ndani angaitane gonthi kuti adzamukonzere mawu pa ukwati wa mwana wake? M'tauni muno okuza mawu achuluka, ndipo mbiri imayenda msanga kuposa shapa. Ndinkadziwa kuti akangokaona, foni yanga isiya kulira.

Chaka chimenecho, mdzukulu wanga ali pa mphasa, ndinatenga ndekha resibu ya kamakinako n'kuiika pa mulu wa ntchito. Anaiwerenga, n'kuisunthira ku mulu wa pakhomo. Ndinaibweza.

"Mmisiri wa matabwa amachotsa sowo," ndinatero. "Telala amachotsa makina ake. Chida changa chachikulu ndi khutu. Waya ungauchotse bwanji, n'kusiya chimene chimamva zotuluka m'wayamo?"

"Mfundo yanu ndi yabwino, amuna anga," anatero. "Ku ofesi sindikudziwa ngati angavomere, za thupi amaziona mwina. Ndikhoza kukafunsa. Koma ndiyambe ndafunsa inu. Loweruka lapitali munali ku ntchito?"

"Ndinali."

"Kamakinako kanali kuti?"

Ndinayang'ana kumsewu.

"Kanali pawindo," anadziyankha yekha. "Ndinabwera kudzaona agogo aakazi, ndinakapeza m'kambale, kakupuma. Chida chanji cha ntchito chimene chimatsala pakhomo mwini wake akapita ku ntchito? Jenereta mumaisiyanso pawindo?"

"Iwe sudziwa anthu."

"Ndikudziwa kuti sindilemba bodza. Kakagwire ntchito kaye, ndiye ndikakanenere."

Anaika resibuyo pakati pa milu iwiriyo, n'kuitsindika ndi mwala.

Zinandiwawa, chifukwa sindine munthu wofuna kubera boma. Ndinkakhulupiriradi kuti kamakinako ndi ka ntchito. Koma mwanayo ananena zoona: ndinkafuna kuti pepala livomere chimene ine ndinkakana pamaso pa anthu.

Ntchito yotsatira inali ukwati m'dera la Mateus Sansão Muthemba, kwa mayi wina wamalonda amene ndakhala ndikumukuzira mawu kuyambira pa ubatizo wa ana ake. Kunkatentha monga kumatenthera kuno, mipando yapulasitiki ikuwotcha ntchafu. Ndinalumikiza zonse monga mwa masiku onse, kenaka ndinatulutsa kamakinako m'thumba la malaya n'kukakoleka. Tsitsi ndinali nditameta, panalibe pobisa.

Nditayatsa zida, chinthu choyamba kumva sichinali nyimbo. Sipika yakumanzere inkalira pansipansi, mosalekeza, ngati udzudzu uli m'chitini. Ndinaganiza kuti ndi kamakinako. Ndinakavula, phokoso linatha. Ndinakabwezera, linabwerera. Ndinapita pafupi ndi sipikayo, ndipo linakula.

Woyendetsa mwambo tsikulo anali mnzanga wakalekale, wa ku Angónia ngati ine, munthu wa pakamwa posatseka. Anandipeza nditagwada kuseri kwa sipika. Anayang'ana khutu langa nthawi yaitali.

"Achimwene, mwagula ndolo?"

"Ukumva kulira uku?" ndinamufunsa.

"Kwa udzudzuko? Ndi kwanu kumeneko. Timakudziwirani komweko. Tikamva tili kumsewu timati, akulu aja afika kale."

"Kuyambira liti?"

"Kalekale. Mvula yagwapo kangapo."

"Osandiuza?"

"Tikuuzeni bwanji? Tinkakuuzani, inu n'kumayankha kuti zikomo, kunyumba ali bwino."

Anaseka mpaka kugwira tenti. Ine sindinaseke. Ndinkaganiza za maliro onse amene udzudzu umenewo unalira nawo pamodzi ndi anamfedwa. Ndinatsata waya ndi zala mpaka ndinapeza pamene unasupuka, pafupi ndi pulagi. Ndinaudula, n'kuulumikiza bwino, n'kuukulunga ndi tepi. Sipika inakhala chete, chete weniweni.

Ukwati unayenda. Ndinamva mkwatibwi akuyankha ndi mawu ake aang'ono, ndipo ndinawakweza pang'ono asanamalize, osadikira kuti wina andikodole. Anthu ankandiyang'ana khutu, ena akunong'onezana. Ndinawasiya ayang'ane.

Ku ofesi ya msonkho mdzukulu wanga anakafunsadi. Anamuyankha mwaulemu kuti chimenecho sangachiwerengere pamodzi ndi zida. Sindinatsutse, ngakhale mpaka lero ndimaona kuti mfundo yanga inali yolimba.

Koma yankho limene ndinkaliopa ndinali nditalilandira kale pa ukwati paja. Dzuwa likupendeka, ndikukulunga mawaya, mayi mwini mwambo anabwera n'kuima patsogolo panga. Anayamba kulankhula mokuwa, monga ankachitira nane nthawi zonse, ine n'kumayesa kuti ndi chibadwa chake.

"Mayi, tsitsani," ndinatero. "Ndikukumvani."

Anaima kaye, n'kuyang'ana khutu langa. Atayambiranso, mawu ake anali ofatsa, a munthu wina amene sindinkamudziwa.

"Bambo, mchemwali wanga ali ndi chinkhoswe mwezi wa mawa. Amati aitane anyamata a masipika a kutsidya kwa mtsinje, chifukwa cha kulira kuja. Ndikamuuze kuti mubwera?"

"Kamuuzeni," ndinatero. "Andiuze msanga ngati kuli magetsi kapena ndinyamule jenereta."